Anafufuta Anthu 38 Lamlungu Masana

Magazi anali atatulukira kale kunsi kwa chitseko pamene Sajeni ankamaliza kukwera masitepe. Anawalumpha ngati munthu wolumpha ngalande, n'kukankha chitsekocho ndi chigongono.

Mkatimo munali bambo wa imvi atagona chammbali pakati pa tebulo ndi khoma. Mutu unali utaphwanyika cha kunkhongo. Chozimitsira moto chofiira, chija amapachika m'makonde a maofesi, chinali pambali pake, kunsi kwake kutamatirira tsitsi loyera. Koma mitu yophwanyika Sajeni anali atayiona yambiri pa zaka zake zonse za upolisi. Chimene chinamudzidzimutsa linali dzanja lamanja. Zala zinayi zinali zitathyoka n'kupindikira kumbuyo, ndipo m'mphepete mwa dilowa ya tebulo munatsalira khungu.

"Amamupanitsa ndi dilowa," anatero wapolisi wachikulire amene ankayenda naye, uja polisi yonse inkangomutchula kuti Malume. Analoza ndi cholembera. "Osati kamodzi ayi. Apa, apa, ndi apa. Munthuyu amafunsidwa funso."

"Ndipo sanayankhe msanga," anatero Sajeni.

Kompyuta ya patebulopo inali itasanduka zibenthu. Amene anaiphwanya sanakhutire ndi galasi lokha, anaigwetsera pansi n'kuipondaponda mpaka zam'kati zonse kumwazika. Komabe wotchi inali pamkono pa malemuyo, foni ili m'thumba la malaya.

"Wakuba saphwanya katundu amene wabwerera," anatero Malume. "Uyu anabwera kudzapha zinthu ziwiri, munthu ndi makina."

Amene anapeza mtembowo anali mayi wosesa. Sajeni anamupeza atakhala pa ndowa yovundikira kumapeto kwa khonde, pakamwa pakugwira ntchito bwinobwino.

"Ine mayi, ndikanadziwa! Thwelofu koloko onse anatuluka kukadya, ine ndinapita kuseri, kunatsala Aphunzitsi okha. Timawatchula choncho chifukwa kale ankaphunzitsa masamu kusekondale. Iwo aja masana sadya, amangomwa madzi otentha n'kumayang'anitsitsa manambala awo. Ndiye pobwera ine, masitepe onse mbuu! Fumbi loyera, mapazi a jombo, akuluakulu chonchi. Ine ndakolopa m'mawa womwe uno! Ndiye ndatenga chokolopera changa, ndikutukwana chamumtima, kukolopa, kukolopa, mpaka pamwamba pano. Ndikufika pachitsekopo ndingoona madzi anga akufiira. Mayo ine!"

Sajeni anatsinzina. "Mapazi aja mwakolopa?"

"Onse, mayi. Ine ntchito yanga sindisiyira panjira."

"Fumbilo linali lotani?"

"Ngati ufa, koma lokhakhala. Likanyowa limachita phala ngati simenti. Muno anthu amavala nsapato zopolisha, jombo zoterozo sindinazionepo m'mwamba muno."

Mlonda wa pageti anali munthu wamtali wouma, woyankhula ataima chilili ngati ali pa perete.

"Mlendo sanalowe, bwana."

"Kuyambira nthawi yanji?"

"Kuyambira teni koloko, bwana. Buku ili. Womaliza anali wobweretsa makalata."

"Simunachokepo pagetipa?"

"Ayi, bwana."

"Simunamve kukuwa?"

"Msewuwu ndi wa malole, bwana. Ngakhale mphenzi sindingaimve."

"Khomo lina lilipo?"

"Lakuseri, bwana. Limatsegukira mkati mokha. Munthu angatulukirepo, kulowerapo ayi."

Sajeni anamuyang'ana nthawi yaitali. Maso a mlondayo sanathawe. Munthuyu sankanama, izo Sajeni anaziona, komatu jombo sizikwera masitepe zokha.

Mkulu wa ofesiyo anali dokotala wa magalasi, wovala tayi. Anamulandira ataima pawindo, akupukuta m'manja ndi kansalu ngakhale munali mouma.

"Kunena mwachilungamo, a Sajeni, ofesi ino sinayambe yamvekapo ndi mbiri yoipa. Ife timachita kafukufuku wa zaumoyo basi."

"Panopa mukufufuza chiyani?"

"Mapapo a anthu ogwira ntchito kumalo ophwanya miyala ndi zigayo zikuluzikulu, kunja kwa tauni. Anthu 312. Aliyense anauzira mpweya m'kachipangizo, tinalemba mphamvu ya mapapo ake. Lachisanu likubwerali tikukapereka lipoti ku bungwe loona za chitetezo cha anthu apantchito. Kwafa anthu kumeneko, ndiye bungwelo likufuna kudziwa ngati ndi fumbi."

"Ndiye ndi fumbi?"

"Lipoti limene ndinalandira dzulo likuti ayi."

"Analemba ndi malemuwa?"

Dokotalayo anakhala pansi. "Kale akanakhala iwowo. Zaka zonsezi tinkagwiritsa ntchito pulogalamu yakale yosanthulira ziwerengero. Imeneyo siimva chinenero cha anthu. Umachita kuilembera malamulo ake m'zilembo zachilendo, ukaphonya kadontho kamodzi imakukanira. Muno amene ankaidziwa anali Aphunzitsi okha, ndipo lipoti limodzi linkatenga mwezi. Chaka chatha tinalemba ntchito mayi wina wachitsikana, ndiye anatibweretsera makina ocheza nawo. Umangowalembera mmene tikuyankhuliramu, kuti tandiuza, anthu a mbali iyi ndi a mbali iyo akusiyana bwanji? Iwo amawerengera okha n'kukuyankha, zithunzi zomwe. Ntchito ya mwezi imatha tiyi asanazizire. Mayiyo anzake amangomuti Namakina."

"Aphunzitsi anakondwa nazo?"

"Ankawatcha makinawo Chinkhwe, ati mbalame yongobwereza zimene wauza. Ankati kale munthu wofuna kunamiza manambala ankayenera ayambe waphunzira zaka zinayi, lero akungofunika kukhala ndi zala. Ife tinkaseka. Masana alionse iwo ankabwerezanso ntchito yonse ya Chinkhwe pa pulogalamu yawo yakale ija, popanda wowatuma. Tinkati ndi nsanje ya ukalamba."

"Lero chachitika n'chiyani?"

"Cha m'ma naini anatuluka muofesi mwawo akukuwa kuti anthu akusowa. Anati powerengera iwo apeza kuti fumbi likupha anthu, pamene lipoti likuti ayi, ndipo lipotilo lawerenga anthu 274 okha. Anamuitana Namakina n'kudzitsekera naye. Ine ndinali ndi msonkhano kunja, ndinati tidzakambirana masana." Anavula magalasi. "Kunena mwachilungamo, ndinaona ngati ndi zomwe zija za masiku onse."

Namakina anali m'kachipinda kophikira tiyi, atakhala pansi penipeni, msana utatsamira kabati. Kunali kotentha, koma iye anali atavala juzi ya manja aatali ndi mpango m'khosi. Sanalire. Ankangoyang'ana khoma.

"Chemwali," anatero Sajeni, "masana munali kuti?"

"Kokadya, tsidya la msewu. Tinali anthu anayi. Afunseni."

"Ndawafunsa kale, avomera. Koma akuti simunadye. Akuti musanapite munaimba foni kuseri kwa chimbudzi, mukulira."

Sajeni ananjuta pafupi naye.

"Amene wapha Aphunzitsi waphwanyanso kompyuta yawo. Zimene zinali mmenemo zapita?"

"Ayi." Mawu ake anali apansipansi. "Makina ocheza nawo sakhala m'kompyuta imodzi. Zimene mwakambirana nawo mungazitsegule paliponse, ngakhale pafoni, bola mudziwe mawu achinsinsi."

"Ndiye amene anaiphwanyayo zimenezi sakuzidziwa. Dzukani, mukanditsegulire."

Anapita muofesi ya dokotala. Zala za Namakina zinaphonya kawiri asanatsegule. Kenako anabwerera m'mbuyo n'kutembenukira kumbali, ngati munthu wosafuna kuona bala lake lomwe. Sajeni anakhala pampando n'kuyamba kuwerenga, Malume akusuzumira paphewa pake. Pamwamba panalembedwa kuti Lamlungu, nthawi itangopitirira fili koloko masana.

"Iwe ndiwe ukuwerenga za mapapo a anthu akumiyala?" analemba choncho munthuyo.

Makinawo anayankha kuti inde, ali ndi zotsatira za anthu 312, ndipo zikuonetsa kuti amene amagwira ntchito pafupi ndi fumbi mapapo awo ndi ofooka kwambiri poyerekeza ndi avereji ya anzawo.

"Avereji ndi chani. Lankhula zomveka."

Makinawo anafotokoza modekha, mpaka kupereka chitsanzo.

"Chotsa onse a pachigayo chachiwiri."

"Pamndandanda umene ndili nawo palibe pamene palembedwa za chigayo chachiwiri," anayankha makinawo. "Anthu alembedwa ndi manambala okha."

Pamenepo munthuyo anayamba kulemba manambala, mzere wathunthu, kenako wina, osaphonya. Malume anawerenga ndi chala. Analipo 38.

"Ndingathe kuwachotsa," anatero makinawo, "koma dziwani kuti anthu amenewa ndi amene mapapo awo ali ofooka kuposa onse. Akachoka, lipoti linena zosiyana ndi zimene zapezeka. Kodi pali chifukwa chowachotsera, monga kuti anayezedwa molakwika?"

"Eya anayezedwa molakwika. Chotsa galu iwe usandichedwetse."

"Ndawachotsa, ndipo ndalemba m'munsi mwa tsamba lomaliza kuti anthu 38 achotsedwa chifukwa mwanena kuti anayezedwa molakwika."

Dokotala uja anatsegula lipoti lake mofulumira, n'kupita tsamba lomaliza. Mawuwo analipodi, m'zilembo zing'onozing'ono. Anali atasainira pamwamba pake pomwepo.

"Ndinalemba ndine," anatero Namakina, akuyang'anabe kumbali. "Dzina lotsegulira ndi langa. Ndimangeni."

Sajeni anatulutsa kabuku kake n'kuyamba kukopera manambala aja, mosathamanga. "Chemwali, munaphunzira zaka zingati za ziwerengero?"

"Zinayi."

"Ndiye Lamlungu munaiwala kuti avereji n'chiyani?"

Sajeni anapitiriza kukopera.

"Inu mumawadziwa anthuwa ndi manambala a pakompyuta basi. Amene analemba apa amadziwa kuti nambala yakuti imaima pachigayo chiti. Anawalakatula pamtima, ngati mayina a ana ake. Ndipo amatukwana ngakhale chinthu chimene chikumuyankha mwaulemu." Sajeni anaimirira. Anagwira nsonga ya mpango uja n'kuukoka pang'ono. M'khosi munali zipsera zinayi mbali imodzi, chimodzi mbali inayo, zakuda, za masiku angapo apitawo. "Lamlungu masana foni yanu inali ndi ndani?"

Namakina anabweza mpango wake.

"Wakwatiwa kwa mphenzi," ananong'ona Malume. "Uyu sayankhula lero."

Sajeni anamusiya m'manja mwa mayi wosesa uja n'kutsika masitepe awiriawiri. Mlonda anaima chilili atangomuona.

"Bambo, munati mlendo sanalowe."

"Inde, bwana."

"Nanga amene si mlendo?"

Mlondayo anaphethira. Kwa nthawi yoyamba mapewa ake anagwa. "Alamu athu okha, bwana."

"Alamu ake ati?"

"Amuna awo a mayi Namakina. Amabwera kawirikawiri kudzawatenga, sitiwalemba m'buku. Analowa itangokwana thwelofu, anati adzatenge makiyi a kunyumba. Anatuluka patapita theka la ola, mapepala ali m'khwapa. Anandipatsa moni bwinobwino, bwana."

"Amagwira ntchito yanji?"

"Ndi kapitawo, bwana. Kumiyala."

Asanamalize n'komwe, kunamveka kukuwa m'mwamba. Mayi wosesa anatulutsa mutu pawindo.

"Atsika! Foni yawo inalira, angoti ndikubwera, atsikira kuseri! A Sajeni, akuwakoka tsitsi!"

Sajeni anathamanga kuzungulira nyumbayo. Anafika pangodya nthawi yoti aone chimunthu cha ovololo yotuwa chikumenyetsa mutu wa Namakina pachitseko cha galimoto ya bokosi kumbuyo, kamodzi, kawiri, kenako n'kumuponyera mkati ngati thumba. Nsapato imodzi inatsala pamsewu. Galimoto inalira matayala n'kulowa pakati pa malole.

Malume anayendetsa monga anali asanayendetsepo chiyambire. Anaitana anzawo pa wailesi, koma anayankhidwa kuti galimoto yapafupi ifika pakatha theka la ola.

"Akupita kuntchito kwake," anatero Sajeni. "Kumeneko ndi kumene amamveredwa."

"Nanga anafufutiranji anthuwo? Mwini wake wa miyala ndi iyeyo?"

"Funsani kuti pachigayo chachiwiri amalamula ndani. Lipoti likanena kuti fumbi lapha anthu, woyamba kufunsidwa ndi amene amawayang'anira."

Malo ophwanya miyalawo anali chidzenje chachikulu chotuwa. Msewu wotsikira pansi unali utatsekedwa ndi lole yodzaza, choncho anasiya galimoto pamwamba n'kutsika wapansi. Fumbi linawalowa m'mano asanafike n'komwe. Pachigayo choyamba panali mapaipi owaza madzi, ndipo fumbi linali lochepa. Pachigayo chachiwiri mapaipi analipo, koma ouma, atachita dzimbiri, ena atapindidwira kumbali kuti lamba wonyamula miyala azithamanga bwino. Anthu ankayenda m'mtambo woyera, atamanga tinsanza pamphuno.

Kapitawo anali pansanja yachitsulo pamwamba pa kamwa la chigayocho. Pansi pake zitsulo ziwiri zinkatafuna miyala yaikulu ngati mutu wa ng'ombe. Dzanja limodzi linagwira mkazi wake pakhosi, atamuweramitsira kukamwako. Ndi linalo anakweza foni, anamuonetsa, n'kuiponya m'chigayo. Kenako anamumenya chibakera pakamwa.

Sajeni anatulutsa mfuti n'kuyamba kukwera makwerero achitsulo. Kuwombera sakanatha. Munthuyo akanagwa, akanagwa ndi mkaziyo. Anakuwa, koma phokoso linameza mawu ake. Malume anathamangira kukanyumba ka woyendetsa makina, anakankha munthu amene anali pamenepo, n'kumenya batani lofiira ndi chikhatho.

Chigayo chinabuula, chinatafuna kawiri, n'kuima. Bata limene linagwa linali lopweteka m'makutu.

"Yatsa!" anakuwa Kapitawo. Mawu ake anali ngati a mgolo wopanda kanthu. "Iwe, ndati yatsa, galu iwe!"

"Musiyeni mkaziyo, bambo," anatero Sajeni. "M'foni mwaponyayo mulibe kanthu. M'kompyuta munaphwanya ija munalibenso kanthu. Zonse ndawerenga. Mwapha mdala uja pachabe."

"Ndinangomuuza andipatse mapepala! Anayamba kundiphunzitsa, ine! Ati anthu si manambala oti n'kufufuta. Ine ndadyetsa anthu awa zaka khumi ndi ziwiri!" Anatembenukiranso pansi. "Yatsa!"

Woyendetsa makina uja anali bambo woonda, masaya olowa, tsitsi lotuwa ndi fumbi. Malume anali atamutchingira, koma anthu ena awiri anamugwira Malume mikono n'kumukokera kumbali, chifukwa pamalopo mawu a Kapitawo ndiwo anali lamulo. Dzanja la bambo woonda uja linayamba kupita kubatani lobiriwira.

Pachifuwa cha ovololo yake panasokedwa nambala. Sajeni anaiona, ndipo anaikumbukira. Anatulutsa kabuku kake ndi dzanja lamanzere.

"Nambala 114!" anakuwa. "Bambo inu! Madokotala aja anakuyezani mapapo. Anapeza kuti mapapo anu atha ndi fumbi la chigayo chimenechi. Bwana wanuyu anakufufutani pamndandanda Lamlungu, kuti aliyense asadziwe!"

Dzanja lija linaima m'malere.

"Nambala 87! Nambala 152! Ali kuti 152?"

Munthu wina kumbuyo anakweza fosholo pang'onopang'ono. Anthu anali akubwera tsopano kuchokera mbali zonse za dzenjelo, otuwa ngati mizukwa.

"Nambala 207!"

"Tinaika mwezi watha," anayankha wina.

"Nambala 61!"

"Ameneyo ali gone kunyumba. Akusanza magazi."

"Anatiuza kuti zotsatira zabwera, tonse tili bwino," anatero bambo woonda uja, osakweza mawu. Anachotsa dzanja pabatani. Amene anagwira Malume aja anamutaya.

Kapitawo anaona kuti zake zada. Anamukankhira mkazi wake pazitsulo za nsanja, n'kutola nyundo yaikulu yophwanyira miyala yokanirira. Sajeni anali atatsala masitepe atatu kuti afike pamwamba. Anakweza mfuti, koma nyundo inafika kaye. Inamupeza pamkono wamanja, ndipo anamva fupa likuthyoka ngati nkhuni youma. Mfuti inagwera m'chigayo. Nyundo inakwezedwanso. Sajeni sanabwerere m'mbuyo, anadziponya kutsogolo n'kumugunda ndi mutu pamimba, dzanja lamanzere litakola mwendo. Onse awiri anagubuduka pamakwereropo, chitsulo chilichonse chikuwalandira, mpaka pansi.

Kapitawo ndiye anayamba kudzuka. Anamukhalira pachifuwa, zala zake zazikulu zinamupeza pakhosi. Sajeni anaona kumwamba kukuda. Anapapasa pansi, anagwira mwala, n'kumumenya nawo pakhutu. Zala sizinamasuke. Anamenyanso, pamphuno, ndipo magazi otentha anamugwera kumaso. Kenako Malume anafika ndi ndodo yake yapolisi, anaitsitsa ndi manja awiri pankhongo, chimunthu chija n'kugwera kumbali.

Sajeni anakhosomola, analavula fumbi ndi magazi, n'kukoka unyolo m'chiuno. Anali atangomanga dzanja limodzi la Kapitawo pamene mwala woyamba unagwa pafupi ndi bondo lake.

Anakweza maso. Anthu aja anali atawazungulira, oposa makumi asanu, aliyense mwala kumanja.

"Tipatseni, mayi," anatero wa fosholo uja. "Inu ntchito yanu yatha."

"Yatsani chigayo!" anakuwa wina. "Alawe nayenso!"

Moto umenewu anauyatsa ndi Sajeni mwini, ndi kabuku kake. Anayang'ana munthu amene anali pansiyo, amene anathyola zala za mdala wosalakwa, amene anangotsala pang'ono kumupha iyeyo. Mumtima mwake munalibe chisoni ngakhale pang'ono. Komabe anatenga mbali inayo ya unyolo n'kudzitsekera nayo padzanja lake lamanzere. Kulira kwa loko kunamveka kwa onse.

"Mukamuponya m'chigayo, muponya ndi ine ndemwe," anatero. "Munthuyu akayankhe kukhoti, pamaso pa akazi anu. Malume, katengeni mayiyo."

Malume anakwera nsanja n'kutsika atamubereka Namakina kumsana. Nkhope ya mayiyo inali yosazindikirika, koma ankapuma. Sajeni anamukoka Kapitawo kuti aimirire. Anthu anapatuka pang'ono, monyinyirika, ndipo anadutsa pakati pawo. Anayenda masitepe khumi, makumi awiri. Kenako mwala unamupeza Kapitawo pamsana, wina unang'amba khutu la Malume, ndipo gulu lonse linaphulika.

"Thamangani!" anakuwa Sajeni.

Galimoto inali pamwamba pa chitunda, kutali. Anathamanga chokwera, mkono wothyoka ukulendewera, ululu ukumubaya mpaka m'mano. Kapitawo, uja ankabangula posachedwapa, tsopano ndiye anali patsogolo, akumukoka ndi unyolo, akulira ngati mwana. Miyala inkagwa ngati matalala. Umodzi unamupeza Sajeni paphewa, anagwada, anadzukanso. Kumbuyo kunkamveka mapazi ambirimbiri ndi mfuu. Anadziwa kuti safika. Mdala wobereka munthu ndi mkazi wothyoka mkono sangapose amuna makumi asanu.

Koma atafika pakati pa chitundacho, mfuu ija inayamba kuchepa. Miyala inayamba kugwera kumbuyo, kutali. M'malo mwake kunabwera phokoso lina, limene Sajeni sanalizindikire msanga. Atafika pagalimoto anatembenuka.

Anthu aja anali atamwazikana pachitunda chonse. Ena anawerama atagwira mawondo, ena anakhala pansi, ena anagwada manja ali pachifuwa. Onse ankakhosomola. Chifuwa chouma, chong'amba, chochokera pansi penipeni, chikuyankhizana dzenje lonselo. Amuna a zaka makumi atatu, a mikono ngati mitengo, analephera kuthamanga mtunda umene mwana wasukulu amathamanga akuseka.

Kapitawo nayenso anayang'ana. Kenako anazolika, osadzutsanso mutu.

Mmodzi yekha ndiye anapitirizabe kukwera, osathamanga, phazi limodzi, kupuma, phazi lina. Anali bambo woonda uja wa nambala 114. Malume anali atagoneka kale Namakina pampando wakumbuyo ndipo ankati alowe, koma Sajeni anati adikire. Bamboyo anafika pafupi ndi galimoto, mwala uli m'dzanja. Anayesa kuukweza, mkono unakana. Anatsamira galimotoyo, mpweya ukulira m'khosi mwake ngati wenzulo.

"Mayi," anatero atapezako mpweya, "inu mwawerenga mapepalawo. Ana anga ndi aang'ono. Ndatsala ndi nthawi yaitali bwanji?"

M'kabuku ka Sajeni munali manambala okha.

"Malume," anatero, "atsegulireni kutsogoloko. Kwerani, bambo. Tonse tikupita kuchipatala komweko."

Bamboyo anakwera, n'kukhala mowongoka ngati mlendo m'nyumba ya eni, mwala uja uli pamiyendo. Malume anautenga mwaulemu ndi manja awiri, anauika pansi kunja, n'kuliza galimoto.